Khosi Lopepuka la Njinga ya Mapasa

1. Kamvuluvulu akana kukokedwa

M'dziko lonse la Mwase Lundazi munali njinga imodzi yokha imene agalu ankaiuwa kawiri. Ankayamba kuuwa wa kutsogolo, n'kupuma pang'ono, kenaka n'kuyambiranso kuuwa wa kumbuyo. Inali njinga yaitali ngati mtanda wa denga, ya zishalo ziwiri ndi mahandulo awiri, yopalasa anthu awiri. Anthu anaitcha Mapasa.

Kutsogolo kunkakhala Keziya Mtonga, mtsikana wa Giredi 7, wa miyendo yolimba ndi mutu wolimba kuposa miyendoyo. Kumbuyo kunkakhala bambo ake, a Danwell.

A Danwell kale anali munthu. Sindikuti tsopano anali atasanduka china, ayi, koma eni akewo ndi mmene ankanenera. Pa unyamata wawo ankapambana mpikisano wa njinga wa tsiku la Ufulu chaka ndi chaka, mpaka anthu anawapatsa dzina loti Kamvuluvulu. Kenaka maso anayamba kuchita nkhungu, ndipo pamapeto pake anazimiratu. Kuchipatala anayesetsa koma zinakanika.

Chiyambire pamenepo munthu uja anangoti khale pakhonde. Kutchalitchi analeka, kumaliro analeka, pa bawo analeka. Ndodo imene akazi awo, a NyaZimba, anawasemera anaithyolera pa bondo. Chimene ankadana nacho koposa zonse ndicho kugwiridwa dzanja.

"Ine Kamvuluvulu kukokedwa ngati mbuzi yopita pa msika?" ankatero. "Anthu aziti, 'Onani uja ankauluka uja, manje amukoka mwana'? Bola ndifele pa mpando pano."

Mlamu wawo, a Ezron, ogwira ntchito ku migodi, atamva zimenezi anagula Mapasa kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, n'kuitumiza pa denga la basi. Pa njinga yotere wa kumbuyo safunika maso, amangofunika miyendo. Tsiku loyamba kuikwera a Danwell anaseka, ndipo a NyaZimba anathamangira kuseri kwa nkhokwe kukalira, chifukwa kuseka kumeneko anali atakuiwala.

Koma njingayo inafika ndi chilema. Kachitsulo kamene kamagwira handulo ya kumbuyo n'kuimangirira pansi pa chishalo cha wa kutsogolo, kamene okonza njinga amati khosi, kanasowera m'njira. A Amock, mkulu wokonza njinga pa sitolo za pa Mwase, anasula lina kuchokera ku chitsulo cha pulawo yakale. Kulimba kokha linali lolimba. Koma kulemera kwake, ukaligwetsera pa phazi unkaitana mayi ako ndi dzina lawo lenileni.

Tsiku la Ufulu likuyandikira, a Danwell ananena kuti alowa nawo mpikisano. Vuto linali limodzi: chitunda cha Kamwala, pamene anthu onse amaunjikana kuti aone otsika n'kumakankha. Nthawi zonse akamayeserera m'mamawa, Mapasa inkafika pakati pa chitundacho n'kukana.

A Danwell anayamba kuivula njinga. Anachotsa kaliyala, matigadi, pampu ndi belu. Anauza Keziya kuti amete tsitsi, koma a NyaZimba anati wometa mwanayo ayambe wameta iwo. Ngakhale zinatero, Kamwala anakanabe.

"Ndi pulawo iyi," a Danwell anatero akumenya khosi lija ndi chikhato. "Tikulima chitunda m'malo mokwela. Mvela, Keziya. Ngati sitipeza khosi lopepuka, ine sindipita. Sindingatsike pa Kamwala anthu onse akuona, iwe n'kumandikoka dzanja. Ibwelele ku migodi njinga yakeyo."

Keziya anayang'ana mpando wa pakhonde, umene unali utayamba kuchita fumbi, ndipo mtima unamupweteka.

2. Chenjezo la a Amock

Loweruka Keziya anapalasa Mapasa yekha mpaka ku boma la Lundazi, chishalo cha kumbuyo chili chopanda munthu, ana akumufunsa m'njira kuti mnzakeyo wamugwetsera pati. Anazungulira sitolo zonse. Masiku amenewo zinthu zinkasowa, moti m'mashelefu munali machesi ndi mankhwala a makoswe basi, ngakhale kuti makoswewo anali atasamuka kale chifukwa cha njala. Wogulitsa wina atamva za khosi la handulo ya kumbuyo anaitana mnzake kuti adzamvere limodzi, ndipo onse awiri anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Pobwerera anaima pa mthunzi wa a Amock. Anawapeza akumata chubu chimene zigamba zake zinali zochuluka kuposa chubucho.

"Monile, asekulu."

"Yewo, mzukulu. Mapasa yadwala chiyani?"

Keziya anafotokoza zonse. A Amock anaika chubu pansi, n'kupukuta manja pa ovolosi, monga ankachitira akafuna kuyamba ulaliki.

"Mvela, mwana wa Danwell. Khosi lija ndinasula ndine, ndipo ndikudziwa kuti ndi lonyansa. Nanenso ndine wonyansa, koma akazi anga sanadandaulepo kuti ndinawathawa. Chitsulo chimene chinang'amba nthaka ya kuno osathyoka sichingathyoke chifukwa cha manja a atate ako. Wa kumbuyo alibe maso, alibe mabuleki, alibe chowongolela. Chuma chake chonse ndi pogwila paja. Ukampatsa pogwila pabodza, wamupha ndiwe. Ndipo ndikuuze: chimene chikulemela pa Kamwala si pulawo ayi. Ndi manyazi a atate ako. Munthu akamakwela chitunda makutu ali kwa anthu, miyendo imaiwala nchito. Pita ukawauze kuti ndanena ndine. Kuthamanga si kufika."

Keziya anathokoza mwaulemu, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Kukauza Kamvuluvulu kuti ali ndi manyazi kunali ngati kukaponda mchira wa galu wogona.

Akukankha njinga kuti azipita, anamva wina akuti, "Psss!" Anali Friday, mnyamata wosula mapoto, amene ankasungunula zidutswa za aluminiyamu kuseri kwa chigayo. Mapoto a Friday ankawala bwino pa msika, koma amayi ankadziwa kuti chigwiriro chake chimatsalira m'manja tsiku la alendo.

"Madala aja ndi a nthawi ya atsamunda," Friday ananong'ona. "Ine ndingakupangile khosi lopepuka ngati nthenga. Ungobweletsa aluminiyamu yokhuthala, makamaka ikakhala ya paipi. Osati timapoto twa masiku ano utu."

"Ndikaipeza kuti?"

"Aa, mwana wa sukulu iwe. Maso uli nawo."

A Amock anakuwa ali patali, osadzutsa mutu pa chubu chawo: "Mzukulu! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyelele!"

3. Ketulo ya Umanyano

Maso Keziya analidi nawo, ndipo tsoka lake anaona. Pa ngodya ya chipinda cha amayi ake panali chinthu chokutidwa ndi saka, chachikulu ngati mwana wokhala pansi. Inali ketulo ya Umanyano, bungwe la amayi a mpingo. Inali ya aluminiyamu yakale yokhuthala, ndipo mlomo wake unali wautali ngati mkono kuyambira pa chigongono, wopindika pang'ono, wabowo ngati paipi.

Ketuloyo inkasungidwa ndi mayi mmodzi wokhulupirika, ndipo chaka chimenecho inali kwa a NyaZimba. Tsiku limene inalowa m'nyumba, iwo anakhazika Keziya pansi n'kumuuza:

"Chinthu ichi si changa, si cha atate ako, si cha abusa. Anagula ndi amayi amene ambili a iwo ali ku manda, aliyense kusonkha lichelo la mtedza. Paukwati wanga anthu anamwela m'menemu. Pamalilo a agogo ako, amene anagona panja anafunda ndi tiyi wa m'menemu. Iwe ukadzakwatiwa idzabwela, ine ndikadzafa idzabwelanso. Andipatsa ine chifukwa akuti m'nyumba muno mulibe dzanja lalitali. Ukadzaikhudza popanda chifukwa, udzakhala wakhudza dzina langa. Wamva?"

Keziya anali atamva. Koma Lachitatu masana mbiri inamveka yoti pa sitolo pafika sopo, ndipo a NyaZimba anathamanga kukaima pa mzere umene unali utafika kale pa mjigo. A Danwell anali akuwodzera pakhonde. Keziya anaima pakhomo la chipinda, akuyang'ana saka lija, kenaka mpando wa bambo ake, kenakanso saka lija.

"Ndingobweleka mlomo chabe," anadziuza. "Mpikisano ukatha Friday adzaubwezela."

Wakuba aliyense amayamba ndi kubwereka. Keziya anasenza ketulo, n'kutulukira khomo la kuseri, n'kudzera m'munda wa fodya.

Friday ataiona anaimba mluzu. Sanafunse kuti ndi ya yani, chifukwa pa Mwase ngakhale nkhuku zinkaidziwa ketuloyo. Anatenga sowo, ndipo mlomo unagwa pansi. Keziya anatseka maso ngati akuchotsedwa dzino.

"Chivundikilo nachonso chifunika," Friday anatero. "Tipangile zomangila mbali zonse ziwili."

"Koma tinati mlomo wokha!"

"Walila mvula walila matope, mlongo."

Chivundikiro chinalowa m'kamphika kadothi pa makala, Friday akupopa mvukuto wa chikopa cha mbuzi, mpaka chinasanduka madzi owala. Anathira madziwo m'zikombole za mchenga wonyowa ku nsonga zonse ziwiri za mlomo uja. Zitazizira anapala ndi tupa, n'kuboola mabowo a mabawuti, n'kupaka chonsecho phula la m'batire yakale kuti chide bii. Malipiro ake anali mbale ya mtedza wa m'kamunda ka Keziya.

"Akakufunsa uziti ndi chitsulo cha ndege," Friday anatero akutafuna kale mtedzawo.

A NyaZimba pobwera ndi kachidutswa kawo ka sopo anapeza saka lili pa ngodya pomwe paja, lokutidwa bwino kuposa kale, ndipo mwana wawo akusesa pabwalo posesedwa kale. Anamuyamikira.

4. Chitsulo cha ndege

A Danwell analandira khosi latsopano ndi manja awiri. Analiyeza m'dzanja ili, n'kuliyeza m'dzanja ilo, n'kuliponya m'mwamba pang'ono n'kuliwakha. Nkhope yawo inawala.

"Ichi ndiye chitsulo! Wachipeza kuti, mwana wanga?"

"Kwa Friday, adada. Akuti... akuti ndi cha ndege."

"Ndimadziwa ine!" a Danwell anafuula. "Amake Keziya, bwelani mudzagwile ndege!"

A NyaZimba anabwera, nagwira, nati n'chokongola, koma chikununkha phula. Keziya anapeza chifukwa chopitira kukhola.

Anamanga okha a Danwell ndi sipanala, zala zikuwaonetsa njira. Khosi la pulawo analiponya kuseri kwa nyumba, kumene linapha nkhuku ya anansi ndi mantha okha. Sanalole kuti akayesere pa Kamwala, poopa kuti opikisana nawo angaone chinsinsi. Koma chinsinsicho anali kuchiulula okha kwa aliyense wodutsa pa msewu, moti pofika madzulo a tsiku lotsatira nkhani inali itakula. Ena ankati Mapasa aiika phiko la ndege, ena ankati injini.

Keziya yekha ndiye sankaseka. Koma akamva bambo ake akuimba nyimbo ya m'buku kwinaku akupukuta masipoko, ankati mumtima ketulo ndi ketulo chabe.

Tsiku la Ufulu linacha ndi dzuwa la Okutobala, lija lowotcha ngakhale mthunzi. A NyaZimba anavala bulauzi yoyera ndi duku loyera la Umanyano, n'kusenza saka lija pamutu, chifukwa amayi ndiwo ankaphika tiyi wa alendo ndi opalasa pa bwalo la sukulu.

"Yapepuka bwanji lelo," anatero akutuluka. "Kaya ndine ndanenepa mphamvu."

Keziya anawerama n'kumamanga chingwe cha nsapato imene inalibe chingwe.

5. Chitunda cha Kamwala

Poyambira mpikisano panabuka mlandu. Opalasa ena anadandaula kuti miyendo inayi singapikisane ndi iwiri. Nkhani inapita kwa tcheyamani wa Chipani wa m'deralo, bambo wa mimba yotsogola, amene anazungulira Mapasa manja ali kumbuyo.

"Amawongolela ndani?"

"Wa kutsogolo yekha, a tcheyamani," Keziya anayankha.

"Nanga handulo ya kumbuyoyi?"

"Ndi yongogwila chabe."

"Ndiye palibe mlandu. Wowongolela mmodzi, ena onse agwile ndi kupalasa. Ndiwo mwambo wa dziko lino."

Anthu anaomba m'manja, chifukwa masiku amenewo tcheyamani ngakhale akayetsemula anthu ankaomba m'manja. Wezulo inalira, fumbi linabuka, njinga zinanyamuka.

Pa chigwa Mapasa inkadya msewu. A Danwell ankapalasa ngati mnyamata, akufunsa mosalekeza kuti, "Tampitilila ndani uyo?" Keziya akatchula dzina, iwo ankapereka moni mokweza: "Muli uli, aphunzitsi? Tikakupelekelani moni kutsogoloko!"

Kenaka msewu unayamba kudzuka. Phokoso la anthu linamveka pamwamba, amayi akululutira, ana akumenya zitini. M'mbali mwa msewu munali kale amuna angapo otsika, akukankha njinga mitu ili pansi.

"Ndi Kamwala, adada."

"Ndamumva. Manje tione ndege!"

A Danwell anaimirira pa zopalasira, n'kukoka handulo ndi mphamvu zonse zimene anazisunga pakhonde zaka zonse zija. Anapitirira pa mwala pamene ankakanikira masiku onse. Anapitirira pa mtengo wa mpundu. Anthu anayamba kuimba dzina lakale lija: "Kamvuluvulu! Kamvuluvulu!"

Pamenepo panamveka kuti thyo!

A Danwell anagwera pa chishalo, handulo yonse ili m'manja, yolekana ndi njinga. Miyendo yokha sinamve uthenga, inapitiriza kupalasa.

"Keziya," anatero modabwa, "kodi tanyamuka?"

Njinga inayamba kuvina uku ndi uku. Keziya anacheuka kamodzi, n'kuona bambo ake akupendekera chagada, manja ali m'mwamba, kumbuyo kwawo kuli miyala ya chitunda. Mawu a a Amock anamubwerera onse nthawi imodzi.

"Adada, khosi lathyoka! Gwilani ine!"

"Pa anthu?"

"Gwilani ine, adada, mufa!"

Dzanja lamanja linasiya handulo, linafufuza m'malere, n'kugwera pa phewa la Keziya. Linagwira zolimba, moti zala zinalowa m'mnofu. Lamanzere linakana kutaya katundu, linangoikweza handulo ija pamwamba pa mutu ngati nyanga za ng'ombe.

"Titsike?" Keziya anafunsa akulira.

"Utsike ndi ndani? Palasa!"

Anthu a pa Kamwala anaganiza kuti ndi masewera okonzeratu. "Onani! Akwela ndi dzanja limodzi! Wabwela ndi nyanga Kamvuluvulu!" Nthungululu zinang'amba mlengalenga. Gogo wina anavula chitenje cha pamwamba n'kuchiyala pa msewu. Ndipo Mapasa, ikulira tcheni, ikunjenjemera ngati mwana wa ng'ombe wobadwa kumene, inakwera Kamwala mpaka pamwamba popanda phazi la munthu kukhudza pansi.

Kutsetsereka kwake anatsika pang'onopang'ono, Keziya atakakamira mabuleki, ndipo ambiri amene anawapitirira aja anawabwezera moni wawo. Pa bwalo la sukulu anafika opambana atamwa kale madzi. Koma anthu anasiya opambanawo n'kuthamangira Mapasa.

6. Fungo la m'kati

Chisangalalo chitachepa, a Danwell anakhala pa chitsa kumapeto kwa bwalo, akupuma mwa befu, handulo ili pa miyendo. Zala zawo zinayenda mpaka pothyoka paja. Zinapeza paipi yopindika, yopyapyala ku nsonga, ya zokanda m'kati. Anakanda ndi chikhadabo, n'kununkhiza chala. Anakweza handulo yonse n'kulowetsa mphuno m'bowo.

"Keziya."

"Adada."

"Ndege imeneyi inkamwa tiyi?"

Keziya anayang'ana kumbali. Maso ake anali kutsidya kwa bwalo, pansi pa mtengo wa mango, pamene moto unkayaka pa mafuwa opanda kanthu. Amayi a Umanyano anali ataima mozungulira, maduku oyera okhaokha, ndipo palibe amene ankalankhula. Amayi a mpingo akamakuwa umadziwa kuti zitha, koma akakhala chete ndiye kuti zafika pena. Pakati pawo panali a NyaZimba, saka lili pa mapazi, manja ali pamutu.

Keziya anagwada pafupi ndi chitsa n'kunena zonse: za saka, za sowo, za chivundikiro, za chenjezo la a Amock. Ananenanso ngakhale mawu aja a manyazi, amene ankaopa kuwafikitsa. Misozi inkasakanikirana ndi fumbi n'kumapanga matope pa masaya.

A Danwell anatembenuza handulo ija m'manja.

"Amako ali kuti?"

"Pa mango, adada. Amayi onse awazungulila."

"Akulila?"

"Iyayi. Angoima."

"Ndiye zaipa kwambili." Anapumira m'mwamba. "Mvela, mwana wanga. Chimene wachita ndi kuba, ndipo usachipatse dzina lina. Waba kwa amoyo ndi kwa akufa, ndipo wasenzetsa amako manyazi pamutu kuchoka kunyumba mpaka pano, iwo akuyesa asenza ketulo. Ukanandiphanso ine pa miyala paja. Chikondi chimene chimadzela khomo la kuseli chimabwela ndi malilo. Pakamwa pokanena zimenezi kwa amayi aja ndi pako, ine sindikulankhulila. Koma Amock sananame. Ine ndinakutuma. Sindinatchule ketulo, koma ndinakusenzetsa katundu woti mwana sangasenze, chifukwa choopa maso a anthu amene ine sindiwaona n'komwe. Lelo ndakwela Kamwala nditagwila phewa lako, ndipo sindinamve munthu akuseka."

Anaimirira, n'kusasa fumbi pa kabudula, n'kukolekera handulo ija m'khwapa.

"Mapasa isiye pompo. Pa mlandu sapita pa njinga."

"Nanga mupita bwanji, adada?"

A Danwell anatambasula dzanja lamanja, chikhato chili m'mwamba, pakati pa bwalo lodzaza anthu.

"Undikoke."

Keziya analiyang'ana dzanjalo, lija linathyola ndodo, lija linkabisidwa m'thumba aliyense akaliyandikira. Analigwira. Linali lotentha.

Anayenda kudutsa pakati penipeni pa bwalo, mwana patsogolo, bambo pambuyo. Oimba ng'oma anasiya. Tcheyamani anaima pakati pa mawu. A Danwell anayenda mutu uli chilili, akupereka moni kumanja ndi kumanzere ngati mkwati.

Maduku oyera anapatuka n'kuwapatsa njira. A NyaZimba anatsitsa manja pamutu. Anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana chidutswa chakuda cha m'khwapa mwa amuna awo, kenaka maso awo anagwera pa manja awiri ogwirana aja n'kukhala pomwepo. Sankadziwa kuti ayambe ndi kukalipa kapena kulira.

Amene ankadziwa poyambira anali a Yunike, mkulu wa Umanyano, mayi amene ngakhale abusa ankamuyankha ataimirira. Iwo anali atanyamula ketulo ija ndi manja awiri, nkhope ataiika pamene panali chivundikiro. Ndipo pa bowo pamene panali mlomo, diso lawo limodzi linali litamupeza kale Keziya.